Mbiri ya Mbusa David Clement Scott, Womanga Nyumba ya Mulungu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndi inu alaliki ndi aphunzitsi a makalasi: pa nyengo ya Yubile uli mwambo wathu kutchula maina a iwo amene anatitsogolera pa njira ya chikhulupiriro, ndipo nkoyenera kutero. Koma pa masiku a chikondwerero mtima wa munthu ufulumira kukumbukira zokoma zokha, nyumba zimene zinamangidwa ndi masukulu amene anatsegulidwa, nuiwala misozi imene inagwa pomanga zimenezo. Pakati pa ife amene tidzaimba ndi kudyera pamodzi pa Yubile ino alipo ena amene aika mwana m'manda chaka chomwe chino. Alipo amene asiya wodwala pamphasa kunyumba. Alipo amene nkhokwe zao zatha dzinja lisanafike. Chifukwa cha iwowa tasankha kulemba za Mbusa David Clement Scott wa ku Blantyre. Ambiri a ife tinaiona nyumba ya Mulungu imene iye anamanga, yotchedwa St Michael and All Angels, ndipo tinazizwa ndi kukongola kwache. Koma ndi owerengeka amene adziwa maliro amene anamgwera iye alikuimanga, ndi masautso amene anamtsata ataimaliza.

KUBADWA KWACHE NDI KUDZA KWACHE KUNO

David Clement Scott anabadwira mu mzinda wa Edinburgh, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1853. Ali mnyamata anayamba wagwira ntchito ya ulembi mu ofesi, koma pambuyo pache analowa sukulu yaikulu ya mu mzinda womwewo, naphunzira za Mau a Mulungu kuti akhale mbusa. Anali munthu wa nzeru zakuya, ndipo akadafuna akadapeza mpingo wabwino kwao komweko. Koma Eklesia wa ku Scotland anamuitana kuti adze ku Blantyre, ku Misyoni imene inali pafupi kufa.

Misyoniyo inayambika pa 23 Okutobala 1876. Amene anasankha malo ache ndiye Henry Henderson, pamodzi ndi womasulira wache Tom Bokwito, amene anaomboledwa m'manja mwa ogula akapolo ali mwana, m'masiku a Livingstone. Ndipo mfumu Kapeni anawalola kukhala pafupi ndi phiri la Ndirande. Koma zaka zoyamba zija sizinali zokoma. Amisyoni ena anadziyesa mafumu ndi oweruza, nayamba kukwapula anthu ndi chikoti, kotero kuti munthu wina anafa ndi mikwapulo, ndi wina anaphedwa ndi mfuti atamweruza okha pa mlandu wa kupha munthu. Mbiri yoipayi inamveka ku Scotland. Akulu a Eklesia anatuma anthu kudzafunsa m'chaka cha 1880, ndipo mtsogoleri wa Misyoni ndi anzache ena anachotsedwa. Sitibisa zimenezi pa Yubile, pakuti mpingo wobisa zolakwa za makolo ache sudziwa kuyamika chifundo cha Mulungu.

Scott anafika m'chaka cha 1881, ali wa zaka 28, pamodzi ndi mkazi wache Isabella, wa banja la Bowie. Masiku amenewo ulendo wa ku Blantyre unali wa m'madzi: munthu ankatsika ku Quelimane, nakwera mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, ndipo pomaliza ankakwera mapiri ndi miyendo. Atafika anapeza antchito ochepa, mafumu okayika, ndi dzina la Misyoni lonyozeka kuno ndi kwao komwe. Imeneyi ndiyo inali nkhuli yache yoyamba kuisenza, kulowa m'munda umene anauononga ndi ena.

MAKHALIDWE ACHE NDI ANTHU A DZIKO

Chinthu choyamba chimene iye anachita ndicho kutaya chikoti. Pakauka mlandu pakati pa anthu a pa Misyoni ndi anthu a m'midzi, iye ankautengera kubwalo monga mwa mwambo wa dziko, nakhala pansi ndi mafumu, namvera mbali zonse ziwiri kufikira mlandu utatha. Mwa njira imeneyi mafumu amene anali ndi mantha poyamba anasanduka abwenzi ache. M'chaka cha 1884, pamene nkhondo ya Angoni inalikuopsa dziko, iye ndi mkazi wache anayenda ulendo wautali kukaonana ndi mfumu Chikuse kwao. Ndipo pamene Angoni anaoloka Shire chaka chomwecho nathira nkhondo m'midzi, sanakhudza Misyoni, ndipo anthu ambiri anathawirako napulumuka.

Pabwalo pomwepo ndipo anaphunzira Chimang'anja. Anachikonda chinenerochi, nachiyesa chokwanira kunyamula zinthu zonse zakuya za Mulungu. Ankalemba mau amene anamva kwa akuluakulu, pamodzi ndi miyambi yao, nthano zao, ndi miyambo ya ukwati, ya maliro ndi ya milandu. Ndipo zonsezi anaziika m'buku lalikulu lomasulira mau, la masamba oposa 700, limene linasindikizidwa ku Edinburgh m'chaka cha 1892. Anamasuliranso Mauthenga Abwino m'chinenero chomwecho. Pa ntchito zonsezi anali naye mnzache wokhulupirika, Mbusa Alexander Hetherwick, amene anadza m'chaka cha 1883 nakatsegula Misyoni ya ku Domasi m'chaka cha 1884.

KUMANGA KWA NYUMBA

M'chaka cha 1888 anayamba kumanga nyumba ya Mulungu. Iye sanaphunzira umisiri wa nyumba pa sukulu iri yonse, ndipo amene anagwira naye ntchito anali anthu a kuno, amene sanamangepo nyumba yotere ndi kale lonse. Dothi analikumba pomwepo, naliponda, naumba njerwa m'zikombole za matabwa, naziocha ndi nkhuni. Zikombolezo zinali za mitundu 81, pakuti njerwa ya pa chipilala siifanana ndi ya pa zenera, ndi ya pa zenera siifanana ndi ya pa khomo lokhota. Asanamange gawo lovuta, Scott ankayamba wasanja njerwa zouma zopanda chomatira, kuti aone ngati zidzagwirana. Zikakana ankapasula nayesanso. Chomwecho mbusa ndi amisiri ache anaphunzira ntchito pamodzi, mzere ndi mzere, kufikira nsanja ziwiri za kukhomo ndi denga lozungulira la pakati zinayamba kuoneka pamwamba pa mitengo.

Analipo anthu odandaula kuti nyumba yokongola chotere siiyenera m'dziko losauka, ndi kuti ndalama zilikuonongeka chabe. Koma Scott anakhulupirira kuti Akristu a mu Afrika ayenera nyumba yopembedzeramo yolemekezeka monga ya anthu a mtundu uli wonse, ndi kuti manja ao omwe akhoza kuimanga. Ntchitoyo inatenga zaka zitatu, ndipo m'chaka chachitatucho, nyumba iri pafupi kutha, imfa inalowa pa Misyoni.

MALIRO ASANU

Kuti timvetse kulemera kwa zimene zinachitika, tiyambe tadziwa chibale chao. Mai Scott anali naye mlongo wache, Dotolo John Bowie, amene anasiya ntchito yabwino ku London nadza ku Blantyre m'chaka cha 1887 kudzachiza odwala. Analinso naye mbale wache wamkazi, dzina lache Harriet, amene anakwatiwa ndi Henry Henderson uja anasankha malo a Misyoni. Tsono Scott ndi Henderson anakwatira nyumba imodzi, ndipo Dotolo Bowie anali mlamu wa onse awiri. Anali banja limodzi kutali ndi kwao.

Woyamba kufa anali mnzao wa pa ntchito, Mbusa Robert Cleland, amene analikuyesa kutsegula Misyoni ku Mulanje. Malungo anamgwira, namwalira m'mwezi wa Novembala 1890, akali mnyamata. Misozi ya maliro amenewa isanaume, m'mwezi wa Januwale 1891, mwana wamng'ono wa Henderson anadwala nthenda ya pakhosi imene madotolo aitcha diphtheria. Nthendayi imeretsa kachikopa kummero kamene katseka njira ya mpweya, ndipo wodwala afa monga wotsamwidwa. Dotolo Bowie anaboola pakhosi pa mwanayo naikapo kampope kuti apumire. Ndipo pamene kampopeko kanatsekeka, iye anaikapo pakamwa pache nayamwa zotsekazo, alikudziwa bwino lomwe monga dotolo kuti potero akhoza kutenga nthendayo.

Ife a dziko lino tidziwa udindo wa malume. Iye ndiye mwini mbumba. Mwana wa mlongo wache akadwala, ndiye athamanga kukafuna mankhwala, ndipo mlandu ukagwa ndiye aimirira. Dotolo Bowie anali malume wache wa mwana uja, ndipo anachita monga malume kufikira kutaya moyo. Koma mwanayo anamwalira. Amache, Mai Henderson, anatenga nthenda yomweyo; ndipo Dotolo Bowie, angakhale nayenso inali itamgwira, anadzuka pogona pache kukathandiza mlongo wache. Mai Henderson anamwalira, ndipo patapita masiku owerengeka Dotolo Bowie anamtsata, m'mwezi womwewo wa Januwale.

Henry Henderson anatsala wopanda mkazi, wopanda mwana. Ananyamuka kuti apite kwao, koma sanafika. Anadwala pa njira namwalira ku Quelimane m'mwezi wa Febuluwale 1891, asanaoloke nyanja yaikulu. Taonani tsono: kuyambira Novembala kufikira Febuluwale, maliro asanu. Mai Scott anataya mlongo wache, mbale wache, mwana wa mbale wache ndi mlamu wache m'milungu yowerengeka. Ndipo mwamuna wache, amene akadayenera kumtonthoza, analinso wofedwa, ndiponso anali mbusa wa mpingo wonse wolira.

Lero tidziwa zimene iwo sanathe kudziwa kapena kupeza. Mankhwala opha ululu wa diphtheria anayamba kupezeka m'zipatala za ku Ulaya cha m'ma 1894, zaka zitatu zokha chimwalirire mwana uja, ndipo tsopano ana athu alandira katemera wache ku sikelo. Zakuti malungo adza ndi udzudzu zinatsimikizika m'chaka cha 1897. Anthu aja anafa ndi nthenda, ndipo panalibe munthu wowalodza. Tinena ichi chifukwa pakati pathu, maliro akagwa motsatana m'nyumba imodzi, msanga tiyamba kunong'onezana kuti pali munthu, ndipo Akristu ena apita usiku kukaombeza ula. Pa Misyoni ya ku Blantyre analira, naika akufa ao, osatchula dzina la munthu ali yense.

TSIKU LOTSEGULA NYUMBA

Munthu wina akadati nyumbayi iri ndi tsoka, naleka ntchito. Wina akadatenga mkazi wache wosweka mtima nabwerera naye kwao, ndipo palibe amene akadamdzudzula. Scott anatsala, ndipo amisiri anabwerera ku njerwa zao. Pa 10 Meyi 1891, patangopita miyezi itatu chimwalirire Henderson, nyumba ya Mulungu inatsegulidwa nipatulidwa. Tiganize za mpingo umene unalowamo tsiku lija. Munthu amene anasankha malowo kunalibe, dotolo amene ankachiza amisiri akavulala kunalibe. Ndipo otsalawo anaimirira naimba nyimbo zoyamika.

Za mumtima mwa munthu azidziwa ndi Mulungu, ife tiona ntchito. Ndipo ntchito ya Scott itiuza kuti iye anakhulupirira kuti Kristu anauka kwa akufa, kuti abale ache aja ali m'manja mwa Ambuye wamoyo, ndi kuti Eklesia sali wa Henderson, kapena wa Bowie, kapena wache, kuti afe pamodzi ndi iwo. Chiyembekezo chache sichinachotsa chisoni, pakuti iye anali munthu monga ife. Chinampatsa mphamvu yodzuka m'mawa mwache mwa maliro ndi kugwira ntchito imene inali patsogolo pache.

ATUMIKI ASANU NDI AWIRI

Imfa zija zinamphunzitsanso kanthu kena. Anaona kuti Azungu adza namwalira, kapena adwala nabwerera kwao, ndipo Eklesia wodalira iwo okha sangakhale. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Chifukwa chache m'zaka za 1893 ndi 1894 anasankha anyamata asanu ndi awiri a kuno, nawaphunzitsa, nawapatula akhale atumiki a mpingo, nawapatsa ulamuliro weniweni wakuweruza milandu ya mumpingo ndi kuyang'anira ntchito. Mwa iwo munali Harry Kambwiri Matecheta, amene anatumidwa kukalalikira pakati pa Angoni ku Nthumbi. Mungo Murray Chisuse, mmisiri wosindikiza mabuku ndi wojambula zithunzi. Ndi John Gray Kufa, amene anaphunzira ntchito ya chipatala. Scott anafunanso kuti Azungu ndi anthu a kuno apembedze m'nyumba imodzi ndi kudya Mgonero wa Ambuye pa gome limodzi, ndipo analakalaka kuti tsiku lina padzakhale Eklesia mmodzi wa mu Afrika, woyendetsedwa ndi ana a dziko.

Zimenezi sizinakomera Azungu ambiri a m'minda ya khofi. Ndiponso m'nyuzi ya mwezi ndi mwezi ya pa Misyoni, imene inayamba m'chaka cha 1888, iye ankadzudzula Boma la Atsamunda pa za msonkho, pa za kulanda malo, ndi pa za nkhondo zimene linkathira pa mafumu. Potero anadzipezera adani amphamvu kuno ndi ku Scotland komwe.

CHAKA CHA 1895 NDI MILANDU YACHE

Munthu akadayesa kuti maliro a 1891 anakwanira pa moyo wa munthu mmodzi. Koma m'chaka cha 1895 mphwache, Dotolo William Affleck Scott, amene anali mbusa ndi dotolo pamodzi, ndi wokondedwa kwambiri ndi anthu a m'midzi, anamwalira ndi malungo, ali ndi zaka zongopitirira 30. Chaka chomwecho anamwaliranso Mai Isabella Scott, amene anadza naye pa chiyambi, nayenda naye kwa Chikuse, napirira naye maliro asanu aja. Tsono mwa banja lonse lija la Scott, Bowie ndi Henderson, iye anatsala monga mtengo umodzi m'munda wotemedwa.

Pamwamba pa chisoni panadza milandu. Adani ache anamnenera kwa akulu a Eklesia kuti aononga ndalama, kuti alamulira yekha, ndi kuti mapembedzedwe ache apatuka pa mwambo wa Eklesia wa ku Scotland. M'chaka cha 1897 akuluwo anaika anthu ofunsa mlanduwo; ndipo angakhale sanampeza ndi kulakwa pa zinthu zazikulu zimene anamnenera, mtima wache unalasidwa ndipo thupi lache linali litafoka ndi malungo a zaka zambiri. M'chaka cha 1898 anachoka ku Blantyre, atagwirako ntchito zaka 17, nasiya Misyoni m'manja mwa Hetherwick. Amene anamvapo kuwawa kwa kunenezedwa ndi abale a mumpingo adziwa kuti nthawi zina kuposa kuwawa kwa nthenda. Scott anasiya nyumba imene anamanga, manda a okondedwa ache, ndi chinenero chimene anachikonda, koma sanasiya Eklesia amene anamfunsa mlandu.

MASIKU ACHE OTSIRIZA

Atapezako mphamvu sanakhala kwao kupumula. M'chaka cha 1901 anatumidwa kukatsogolera Misyoni ya ku Kikuyu, m'dziko limene lero litchedwa Kenya, pakati pa anthu a chinenero china ndi miyambo ina. Anayambanso pa chiyambi ali ndi zaka 48. Anali atakwatiranso, koma mkazi wachiwiriyo anamwalira komweko m'chaka cha 1902. Anatenga malo akuru kuti alime munda wothandiza Misyoni, koma mundawo sunapindula monga anayembekezera, ndipo unadzetsa mavuto a ndalama. Sitinena kuti zonse zimene anachita zinali za nzeru. Anali munthu wa maganizo akuru, wouma khosi nthawi zina, ndipo ena a maganizo achewo anagwa.

Zaka zisanu ndi chimodzi anagwira ntchito ku Kikuyu osabatiza munthu wa mtunduwo ndi mmodzi yemwe. Iye amene anaona nyumba ya ku Blantyre yodzaza anaphunzitsa kagulu kochepa, thupi lache liri kutha. Ndipo m'chaka cha 1907, ali gone pa kama wa imfa yache, anabatiza mnyamata wotchedwa Philip Karanja, Mkristu woyamba kubatizidwa pa Misyoniyo. M'mwezi wa Okutobala chaka chomwecho Scott anamwalira, ali wa zaka 54, naikidwa komweko ku Kikuyu, kutali ndi Edinburgh, kutalinso ndi Ndirande.

ZIMENE IYE SANAZIONA

Zambiri zimene anaziyembekezera zinadza iye atapita. M'chaka cha 1909 inatsegulidwa ku Blantyre sukulu yotchedwa ndi dzina la Henry Henderson. M'chaka cha 1911 Harry Kambwiri Matecheta, mmodzi wa atumiki asanu ndi awiri aja, anadzozedwa ubusa pamodzi ndi Stephen Kundecha, ndipo iwowa ndiwo abusa oyamba a kuno mu Misyoni ya Blantyre. M'chaka cha 1922 Buku Lopatulika lonse linatuluka m'Chinyanja. M'chaka cha 1924 mipingo ya Blantyre ndi Livingstonia inagwirizana kukhala Eklesia mmodzi, ndipo Nkhoma analowamo m'chaka cha 1926. M'chaka cha 1929 Hetherwick anakonzanso buku lija lomasulira mau nalisindikiza kachiwiri. Ku Kenya nakonso, kumene anabatizako munthu mmodzi, kunauka Eklesia wa anthu ochuruka. Ndipo nyumba ija ya njerwa zoumbidwa ndi manja a makolo athu ikali chiimire ku Blantyre, patapita zaka zoposa 130, ndipo anthu apembedzamo Sabata ndi Sabata. Scott sanaona ndi chimodzi chomwe mwa zimene zinatsata imfa yache. Anabzala monga nkhalamba ibzala mtengo wa mango, osadziwa ngati idzalawa chipatso.

MAU KWA IFE

Inu ofedwa, sitikuuzani kuti muleke kulira. Ambuye wathu mwini analira pa manda a Lazaro, ndipo munthu wakuti Mkristu salira sanawerenga bwino Buku lache. Chimene tikupemphani ndi ichi: maliro akatha, anthu atabalalika, musadzitsekere m'nyumba ndi kuleka mapemphero. Tidziwa amai ena amene anasiya Mvano atataya mwana, ndi abambo amene sanalowenso m'nyumba ya Mulungu chimwalirire akazi ao, alikuti Mulungu anawataya. Kumbukirani mpingo uja wa pa 10 Meyi 1891. Analowa m'nyumba yatsopano mitima iri yosweka, ndipo momwemo ndimo anapezamo mphamvu. Idzani ndi chisoni chanu. Malo anu pa benchi akali pomwepo.

Inu odwala ndi osauka, musayese kuti nthenda yanu iri chizindikiro chakuti Mulungu wakwiya nanu. Dotolo Bowie anatenga nthenda alikuchita ntchito ya chikondi. Cleland anafa alikutsegula njira ya Uthenga. Pitani ku chipatala, imwani mankhwala, tengerani ana ku katemera, gonani m'masikito, pakuti nzeru zimenezi ndi mphatso imene anthu aja akadaikondwera. Ndipo pochita zonsezi pempherani. Ngati mphamvu yanu yatsala pang'ono, igwiritseni ntchito pang'onopo. Scott anabatiza Karanja ali gone.

Ndipo ife alaliki ndi aphunzitsi, amene tiitanidwa kulalikira pa maliro m'midzi, tisamale mau athu. Tisalonjeze anthu kuti akakhulupirira sadzadwala kapena kusauka, pakuti mbiri iyi itsutsa bodza limenelo, ndipo munthu amene tinamlonjeza zotere adzagwa tsiku loyamba la tsoka. Tiwauze choonadi, chakuti Kristu anafa nauka, ndi kuti iwo akufa mwa Iye adzauka. Tisatseke pakamwa pamene anamfedwa ayamba kulozana zala. Ndipo tisaiwale nyumba ya maliro patapita mwezi, pamene nkhuni zatha, ufa watha, ndi alendo onse apita. Pamenepo ndi pamene mkazi wamasiye afuna munthu womlimira mzere umodzi ndi kupemphera naye. Chaona mnzako chapita, mawa chiri kwa iwe. Ifenso tiphunzitse ena ntchito yathu tikali ndi moyo, monga Scott anaphunzitsa asanu ndi awiri aja, kuti tsiku limene tidzagona kalasi isadzatsekedwe.

Tsono pa Yubile ino tiyamike Mulungu chifukwa cha nyumba ndi masukulu, ndipo tikafika pa manda a iwo amene anayamba ntchito pa malo athu ano tiimepo pang'ono. Mulungu amene anasunga mtumiki wache David Clement Scott m'maliro, m'matenda ndi m'milandu, atisunge ifenso ndi ana athu m'chiyembekezo chomwecho, kufikira tidzaonana nao onse pamaso pache.